PHUNZIRO: KUPHUNZIRA MIYEZI YOWERENGEKA KU DZIKO LA ENI

Nthawi zina timamva kuti mwana wa uje, amene ali pa sukulu ya ukachenjede, wapita ku Ulaya kukaphunzira miyezi isanu, ndipo adzabwera kudzatsiriza maphunziro ake kwawo. Makolo ambiri akamva zotere amadabwa, nafunsa kuti: "Kodi miyezi isanu ipindula chiyani? Kodi mwanayo sataya chaka pachabe?" Funso limeneli ndi lanzeru. Kuti tiliyankhe, tiyeni tione chitsanzo chimodzi chodziwika, ndicho makonzedwe a ku Ulaya otchedwa Erasmus.

1. Chiyambi chake

M'chaka cha 1957 msungwana wina wa ku Italy, dzina lake Sofia Corradi, amene ankaphunzira za malamulo ku Roma, anaoloka nyanja kukaphunzira pa Columbia University mu mzinda wa New York. Anakhoza bwino, nabwerera kwawo mu 1958. Koma atafika, akulu a sukulu yake anakana kuwerengera zimene anaphunzira kunja, ndipo anayenera kulembabe mayeso amene anamtsalira, monga ngati sanapite konse. Chinthu chimenechi chinamuwawa mtima. Atakula anagwira ntchito zaka zambiri kudandaulira akulu a maphunziro kuti ana ena asaone zimene anaona iye. Ndi chifukwa chake anthu anamtcha dzina lakuti "Mamma Erasmus".

Khama lake ndi la anthu ena ambiri linabala zipatso mu 1987, pamene maiko a ku Ulaya anakhazikitsa makonzedwe amenewa. Chaka choyambacho ophunzira 3,244 a m'maiko 11 anapita kukaphunzira ku maiko a anzawo. Kuyambira pamenepo apita mamiliyoni.

2. Dzina lake

Dzinalo likumbutsa Desiderius Erasmus, wansembe wa ku Rotterdam, amene moyo wake wonse unali wa paulendo. Iye anaphunzira ku Paris, nafika ku England mu 1499, kumene anapalana ubwenzi ndi Thomas More. Analandira digiri yake ku Turin mu 1506, naphunzitsa Chigiriki ku Cambridge, namwalira ku Basel mu 1536. Masiku amenewo ophunzira onse a ku Ulaya ankalankhula Chilatini, chotero munthu ankatha kuchoka pa sukulu ina kunka pa ina wopanda chomtchinga.

3. M'mene ulendowo uyendera

Wophunzira sachoka pa sukulu yake. Dzina lake likhalabe m'kaundula wa kwawo, ndipo digiri adzailandira kwawo komweko. Kunjako akhala miyezi iwiri kapena kuposerapo, koma osapitirira miyezi 12. Salipira fizi ku sukulu imene yamlandira, ndipo apatsidwa ndalama zomthandiza pa ulendo, pa chakudya ndi pogona, ngakhale kuti kawirikawiri sizikwanira zonse.

Koma mutu wa nkhani yonse ndi uwu: asananyamuke, palembedwa kalata ya pangano. M'kalatamo alemba maphunziro amene akatenge, ndipo asainapo atatu, ndiwo wophunzirayo, sukulu yomtumiza ndi sukulu yomlandira. Kuti kuwerengera kukhale kosavuta, mu 1989 anapangana muyeso umodzi wotchedwa ECTS. Pa muyeso umenewu ntchito ya chaka chathunthu igawidwa magawo 60, ndipo gawo limodzi liimira maola 25 kufikira 30 a kuphunzira. Chotero amene wakhala kunja theka la chaka, nakhoza mayeso, abwera ndi magawo 30, ndipo sukulu yake iyenera kuwalandira. Apa ndi pamene pagona yankho la funso la makolo lija: chaka sichitayika ngati pangano linalembedwa.

4. Nanga ana athu?

Mu 2014 makonzedwewa anakuzidwa, natchedwa Erasmus+, ndipo kuyambira 2015 khomo linatsegukira ophunzira a kunja kwa Ulaya, a mu Africa omwe. Koma dziwani ichi: mwana sapempha malo payekha. Sukulu yake iyenera kukhala pa pangano ndi sukulu ya ku Ulaya, ndipo ndi sukulu yakeyo imene isankha opita. Tsono munthu akadza kwa inu nanena kuti, "Patseni ndalama, ndimpezera malo mwana wanu," musagulitse ng'ombe kapena munda. Pitani poyamba kukafunsa ku ofesi ya sukulu. Safunsa anadya phula.

5. Phindu lake

Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Miyezi isanu ndi yochepa, ndipo amene aitha pa masewera abwera ndi zithunzi zokha. Koma amene achita khama aona m'mene anzake agwirira ntchito yomwe iye akuphunzira, azolowera chilankhulo china, aphunzira kusunga ndalama ndi kudziphikira, napeza abwenzi a mitundu ina. Aphunziranso kukhala mlendo, kupirira chisanu ndi kupukwa kwawo. Ndipo munthu wotere sadzanyoza mlendo wofika pakhomo pake.

Inu makolo ndi aphunzitsi, mwana akakuuzani za ulendo wotere, musamletse chifukwa cha mantha, ndiponso musamlole chifukwa cha kunyada. Mfunseni kuti akuonetseni kalata ya pangano ija, ndipo mumkumbutse kuti apita kuti akabwere nazo nzeru kwawo.

Mafunso okambirana

1. Kodi chinamuwawa mtima Sofia Corradi n'chiyani?
2. Ndani asaina kalata ya pangano, ndipo aisaina liti?
3. Wophunzira wokhala kunja theka la chaka abwera ndi magawo angati?
4. Tichite chiyani munthu akapempha ndalama kuti apezere mwana wathu malo?