Amayi, Musanatsegule Data M'mawa

Amayi ambiri akadzuka, dzanja limafika pa foni phazi lisanaponde pansi. Mauthenga a pagulu la kwaya, la makolo a kusukulu, la banki m'khonde, la komiti ya ukwati, onse agona akudikira. Mukamamaliza kuwerenga kunja kwayera, madzi osamba sanatenthe, ana achedwa, ndipo pemphero lasanduka la mawu awiri muli panjira yokakwera minibasi. Sikuti chikhulupiriro chatha ayi. Nthawi yake ndiyo yadyedwa pang'onopang'ono, ndipo ingathe kubwezedwa.

Sindikunena kuti mutaye foni. Ndi pomwe mumalandirira ndalama za Airtel Money kapena Mpamba, pomwe ogula mandasi ndi kaunjika amakupezerani, pomwe mumamvera za mwana amene ali ku Joni. Nkhani ndi yakuti inu muziiuza foniyo nthawi yake, isakhale iyo yokuuzani inu.

Yambirani usiku, chifukwa m'mawa wabwino umakonzedwa dzulo lake. Zimitsani data musanalowe kuchipinda, ndipo ngati n'kotheka foni igone pabalaza. Wa nkhani yadzidzidzi, monga matenda kapena maliro, adzaimba ndipo mudzamva. Ngati foni ndiyo tochi yanu magetsi akazima, gulani katochi kapena kanyale ka sola, kuti musakhale ndi chifukwa choigonekera kumutu kwa bedi. Pamalo pamene inkagonapo ikani Baibulo lotsegula kale pa ndime ya mawa.

M'mawa, pamene madzi ali pamoto, werengani. Mavesi khumi akwana. Sankhani buku limodzi, monga Marko, amene ali ndi mitu 16 yokha, muziyenda nalo tsiku ndi tsiku m'malo motsegula paliponse. Ngati Chichewa cha Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, chikukuvutani malo ena, Buku Loyera la 1998 lili ndi mawu apafupi ndi momwe timayankhulira lero. Baibulo la pepala limaposa la pafoni pa chinthu chimodzi: mulibe uthenga wolowerera pakati pa vesi. Ngati lanu ndi la pafoni, likopereni mufonimo kuti lizitseguka data ili yozimitsa. Mayi amene maso akumuvuta kapena amene sanapite patali ndi sukulu angatsegule wailesi, Radio Maria kapena TWR, kapena mwana amuwerengere asanavale yunifolomu. Mukatha, tchulani ana anu mayina pamaso pa Mulungu, mmodzimmodzi, kenako tsegulani data.

Tsopano za magulu a WhatsApp. Khalani pansi tsiku lina muwawerenge. Mudzapeza a ukwati umene unachitika kalekale, a maliro amene tinaika chaka chatha, ndi ena amene simudziwa n'komwe amene anakulowetsani. Otha ntchito tulukanimo, mutatsanzika mwaulemu. Otsalawo atsekeni phokoso, muziwaona pa nthawi imene mwasankha, kaya masana ndi madzulo. Letsaninso foni kukopa yokha zithunzi ndi mavidiyo, bandulo yanu idzakhalitsa.

Koma vuto lalikulu la m'magulu athu si bandulo, ndi pakamwa. Uthenga umayamba ndi mawu oti tiwapempherere mayi akutiakuti, kenako n'kufotokoza zonse za m'banja mwawo, kwa anthu makumi asanu amene mwiniwake sanawauze. Imeneyo ndi miseche yovala duku loyera, ndipo imapweteka kuposa ya kuchitsime chifukwa yolembedwa siifafanizika. Musanatumize nkhani ya munthu, mufunseni mwini wake. Akakana, mupempherereni nokha. Chimodzimodzi zithunzi za ngozi ndi mauthenga a imfa. Pali amayi amene amva za imfa ya mwana wawo pa Facebook abale asanafike kudzawauza mwamwambo. Musakhale inu wofalitsa. Dziwaninso kuti dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona zochitika pa intaneti, ndipo kunyoza kapena kuzunza munthu kudzera pafoni ndi mlandu.

Mauthenga oti mutumize kwa anthu khumi kuti mudalitsidwe, apo ayi tsoka likugwerani, afufuteni mtima uli m'malo. Madalitso a Mulungu sayendera chiwerengero cha anthu amene mwawatumizira chithunzi. Ndipo wolalika wa pa TikTok akati pemphero lanu liyankhidwa mukatumiza mbewu pa nambala yake, kumbukirani mmene Petro anadzudzulira Simoni pa Machitidwe 8 chifukwa choyesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama. Chiphunzitso chachilendo chikakusokonezani, chitani ngati anthu a ku Bereya a pa Machitidwe 17, amene ankafufuza m'Malemba zimene amva, ndipo funsani abusa, ansembe kapena mkulu wa mpingo amene amakudziwani nkhope.

Pali china chimene foni imachita mwakachetechete. Mumaona khitchini ya mnzanu, tsitsi lake, mwamuna wake akumupatsa mphatso, n'kuyamba kuona nyumba yanu ngati yotembereredwa. Simuona ngongole imene ili kuseri kwa chithunzicho. Kuchokera apo ena amatenga ndalama ku banki m'khonde kapena kwa akatapila kuti agule nsalu ya yunifolomu ya phwando lililonse, ena n'kuyamba kudzola mafuta oyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mankhwala monga hydroquinone, ma steroid kapena mercury, omwe amawononga khungu, ndipo mercury amawononganso impso. Tsamba limene nthawi zonse mukaliona mtima umatsala wowawa, lekani kulitsatira. Ndipo kwa mwezi umodzi lembani m'kope ndalama iliyonse ya bandulo ndi ya zopereka za maphwando, muiike pafupi ndi ya ufa, ya sukulu ndi ya chopereka cha kutchalitchi. Kopelo lidzakuuzani lokha chochita.

Apa ndiyankhule za Miyambo 31, chifukwa mutu umenewu umawerengedwa pa bridal shower iliyonse ndipo amayi ambiri amabwerako atalemedwa. Werengani bwino vesi 15: mayi uja anali ndi adzakazi amene ankawagawira zochita. Sankasenza zonse yekha. Inu mwina mulibe wantchito, koma muli ndi anthu m'nyumba. Mnyamata wa zaka khumi angathe kutsuka mbale ndi kusesa, ndipo sasanduka mtsikana potero. Bambo a kunyumba muwauze pa nthawi yabwino, osati mkwiyo utafika m'khosi: “Bambo, m'mawa mukamasita zovala za ana, ine ndizipezako mpata wa pemphero.” Abambo ambiri sakana akapemphedwa ntchito imodzi yodziwika bwino.

Ntchito za mpingo nazo zimatha kudya munthu. Lachinayi Mvano kapena Chigwirizano, tsiku lina kwaya, lina mlaga kapena mphakati, Loweruka kukonza m'tchalitchi, pakati apo maliro. Zonsezi n'zabwino, koma mayi angathe kukhala kutchalitchi sabata yonse osakhalapo chete pamaso pa Mulungu ngakhale kamodzi. Pa Marko 6, anthu atachuluka mpaka ophunzira kusowa mpata wodyera, Yesu mwini anawatengera kwa okha kuti akapume. Sankhani udindo umodzi kapena iwiri imene mungaigwire ndi mtima wonse. Inayo yankhani kuti, “Pepani mayi busa, chaka chino sindikwanitsa, koma pa Dorika kapena pa kuzonda odwala ndilipo.”

Madzulo, nsima ikafika pa tebulo kapena pamphasa, mafoni onse, ya bambo yomwe, akhale m'mbale imodzi pakona, ndipo TV izimitsidwe. Pemphero la banja lichitike filimu isanayambe, chifukwa ikatha ana amakhala atagona pa mipando. Lisatalike: nyimbo imodzi, ndime yaifupi yowerenga mwana, ndipo wopemphera azisinthana.

Masiku ena zonsezi zidzalephereka, mwana akadwala usiku kapena alendo akafika. Yambiraninso m'mawa wotsatira pa vesi limene munalekera. Koma ngati kutopa kwafika poti masabata akutha tulo osabwera, chakudya osakoma, misozi ikungotuluka, ndipo ngakhale kupemphera kukukanika, musadziweruze kuti mwabwerera m'mbuyo. Uzani mayi mmodzi wamkulu amene amasunga chinsinsi, ndipo mupite naye kuchipatala mukafotokozere adokotala monga momwe mwamuuzira iye.