Musanasamukire ku Windows 11, chitani izi

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zotetezera Windows 10 kwa anthu wamba. Kompyuta zikuyakabe, koma mavairasi atsopano akapeza mpata, palibenso wodzautseka, pokhapokha mutalembetsa ndondomeko ya ESU yomwe ndifotokoze kumapeto. Nkhaniyi ikukhudza ambiri kuno: otaipa ndi kusindikiza makalata pa boma la Mangochi, osunga mabuku a alendo m'malo ogona ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, aphunzitsi ndi ophunzira. Kusamuka n'koyenera, koma osathamangira.

Yambani ndi kufunsa kompyuta yanuyo ngati ingathe. Tsitsani pulogalamu ya Microsoft yotchedwa PC Health Check, ndipo ikuuzani. Windows 11, yomwe inatuluka mu Okutobala 2021, imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB, kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, komanso purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo kapena ya AMD yolingana nayo. Apa ndiye pogwera malaputopu ambiri akaunjika omwe tinagula otsika mtengo. Alipo amisiri odziwa kulowetsa Windows 11 mokakamiza pa makina osayenera. Ine sindikulimbikitsa zimenezo pa kompyuta yomwe mumadyerapo, chifukwa Microsoft sikulonjeza kuti makina oterowo adzalandirabe zokonza.

Kompyuta yanu ikavomerezedwa, musadine kanthu kaye. Koperani mafayilo onse pa flash disk kapena hard drive yapadera: ma CV a makasitomala, malisiti, zithunzi za chinkhoswe, mayeso a ana. Kenako tsegulani angapo mwa omwe mwakoperawo, muone ndi maso anu kuti akutseguka.

Tsopano nkhani ya magetsi ndi bandulo, yomwe kwa ife ndiyo yaikulu. Windows 11 imadya ma GB angapo potsitsa, choncho gulani bandulo ya TNM kapena Airtel yokwanira, kapena pitani pamalo pomwe pali Wi-Fi yodalirika. Kompyuta ikazima pakati pa ntchitoyi ikhoza kukana kudzukanso bwinobwino. Laputopu ikhale yodzaza komanso yolumikizidwa ku chaja. Ngati batire linafa kale, kapena muli ndi kompyuta ya patebulo, musadalire ESCOM yokha, pezani UPS kapena magetsi a sola. Kumbukiraninso kutentha kwa kunyanja kuno. Makina amagwira ntchito yakalavulagaga panthawiyi, ndiye chitani m'mamawa kapena usiku, pa tebulo louma, osati pa matiresi pomwe mphepo sidutsa. Zonse zikakonzeka, lowani mu Settings, pitani pa Windows Update, muyambe. Idzazima ndi kuyakanso kangapo. Isiyeni.

Omwe asamuka kale amadandaula zinthu zofanana m'masiku oyamba. Batani la Start lili pakati, osati kumanzere. Mulibwezere kwawo polowa mu Settings, Personalization, Taskbar, n'kusankha Left pa Taskbar alignment. Mukadina kumanja pa fayilo, Copy ndi Paste zasanduka tizithunzi, ndipo mndandanda wakale wabisala pa Show more options. Izi n'zongozolowera. Dandaulo lenileni ndi la makina a 4 GB ndi hard disk yakale, omwe amakwawa. Mankhwala ake ndi kuwonjezera RAM ndi kuika SSD.

Muli ndi masiku 10 okha oti mubwerere ku Windows 10, kudzera pa Settings, System, Recovery, Go back. Masiku amenewa agwiritseni ntchito: sindikizani pa printa iliyonse, yesani sikana, tsegulani pulogalamu yowerengera ndalama. Printa yakale ikakana, funani driver yake patsamba la kampani yomwe inaipanga. Musafufute foda ya Windows.old, chifukwa njira yobwererayo ili m'menemo. Ngati intaneti mumaitenga pa foni, tsegulani Metered connection kuti Windows isamalize bandulo inu osadziwa.

Nanga kompyuta ikakanidwa? Musaitaye. Microsoft inaika ndondomeko ya ESU yopitiriza zotetezera Windows 10 mpaka pa 13 Okutobala 2026, yomwe mumalembetsa pa Windows Update ndi akaunti ya Microsoft. Njira ina ndi Linux Mint, yaulere, yomwe imayenda bwino pa makina akale ndipo imabwera ndi LibreOffice yotsegula mafayilo a Word ndi Excel. Iyeseni kaye kuchokera pa flash disk musanaiike, muone ngati printa yanu ikugwirizana nayo.