Manambala Atatu a Kumbuyo kwa Khadi

Anzanga, khadi la Visa kapena Mastercard kawirikawiri limakhala ndi manambala 16, ndiponso ena atatu kumbuyo kwake. Pogula pa intaneti wogulitsa saona khadi, saonanso nkhope ya wogula. Tsono munthu wodziwa manambala onsewa pamodzi ndi mwezi wothera khadilo angathe kugula monga mwini wake, ndalama za fizi nizitha usiku umodzi.

Chifukwa cha ichi mabanki ambiri amatumiza pa foni nambala ina yotchedwa OTP, imene imafa patapita mphindi zochepa. Akuba amaimba foni mwaulemu ndithu, nadzitcha akubanki, napempha nambalayo. Kawauzeni makolo anu kuti akamva zotere adule foniyo msanga, aimbire okha banki pa nambala yolembedwa pakhadipo.