Mlendo Amene Anasanduka Mwini Mudzi

Anzanga amene mudzadutse ku Lilongwe pa tchuthi chikubwerachi, tayesani izi. Mukatsika basi pa depoti musathamangire kunyumba. Lowani mumsika waukulu, muzungulirenso m'misewu ya ku Area 2, ndipo muziwerenga zimene amayi ayala pa mabenchi ndi m'malichero: chimanga, ufa woyera ndi mgaiwa, nyemba za nanyati, mtedza, matimati, maungu, mbatata, chinangwa, tsabola, mapapaya, magwafa, mapeyala, zinanazi. Kenaka dzifunseni kuti mwa zonsezi ndi ziti zimene makolo athu ankadya m'chaka cha 1490. Palibe ndi chimodzi chomwe. Zonsezi kwawo ndi ku America. Ngakhale tchipisi ta pa chiwaya nta mbatatesi, mbewu ya kumapiri a Andes ku Peru.

Nanga makolowo ankagona ndi njala? Iyayi. Nsima inalipo, koma ya mapira, mawere ndi mchewere, ndiwo zake khobwe, nzama, therere, nsomba ndi nyama ya m'tchire.

Zinthu zinayamba kutembenuka pa 12 Okutobala 1492, pamene Christopher Columbus anakocheza pa zilumba za Caribbean, iye n'kumayesa kuti wafika ku India. Kwa zaka zikwizikwi anthu, mbewu, ziweto ndi matenda a ku America anali paokha, ndipo a ku Ulaya, Asia ndi Africa analinso paokha. Kuyambira tsiku limenelo zombo zinakhala ngati mlatho. Wolemba mbiri wina, Alfred Crosby, anatcha zimenezi The Columbian Exchange m'buku lake la m'chaka cha 1972, kutanthauza msinthano umene unayamba ndi Columbus. A Fomu 3 ndi 4, dzinali lisungeni.

Ife msinthanowu unatipeza kudzera mwa Apwitikizi. Vasco da Gama anafika pa chilumba cha Mozambique mu 1498, ndipo mu 1500 Pedro Cabral anakocheza ku Brazil. Motero mtundu umodzi unagwira magombe awiri, zombo zake n'kumayenda uku ndi uku. M'zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anakhazikika ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi, pakhomo penipeni pa ufumu wa Maravi, ndipo mu 1616 Gaspar Bocarro anadutsa m'dziko la Amaravi pa ulendo wochokera ku Tete kupita ku Kilwa. M'njira zimene munkayenda minyanga, nsalu ndi mikanda, mbewu nazo zinkayenda, mudzi ndi mudzi.

Umboni uli m'kamwa mwathu momwemu. Mawu akuti mbatata ndi batata wa Chipwitikizi, amene Azungu anatola kwa anthu a ku Caribbean. Chinanazi ndi ananas, dzina lochokera kwa eni dziko la Brazil. Matimati ndi tomatl wa Aaziteki a ku Mexico. Akatswiri ena amati chimanga chimatanthauza chinthu chochokera ku Manga, ndiye kuti kugombe kumene kunkachokera amalonda. Ngati n'choncho, makolo athu anasiya chizindikiro m'dzinamo kuti mbewuyi ndi yobwera, koma ife adzukulu tinaiwala. (Ndipo mukamamva fungo la tsabola m'malesitilanti a amwenye, dziwani kuti nawonso anamulandira kwa Apwitikizi omwewo, ku Goa.)

Chimanga, chimene anthu a ku Mexico anachiweta kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, sichinalande malo tsiku limodzi. David Livingstone atayenda m'dera la Shire mu 1859 anachiona m'minda, koma chili pakati pa mapira, mawere ndi mbewu zina zambiri. Chinapambana pang'onopang'ono, ndipo zifukwa zake mlimi aliyense akuzidziwa. Chimacha msanga kuposa mapira a makolo. Makoko ake amachiteteza ku mbalame, pamene mapira amafuna mwana wokhala pa nsanja tsiku lonse kuingitsa mpheta. Chimadyedwa chachiwisi m'miyezi ya Febuluwale ndi Malichi nkhokwe zitauma. M'nthawi ya atsamunda eni maesiteti ankachifuna chodyetsera antchito, ndipo titalandira ufulu boma ndi ADMARC anachikankhira patsogolo ndi feteleza ndi mbewu za haibulidi. Lero munthu akadya mpunga amati sanadye.

Lilongwe yeniyeniyo inakula ndi mlendo winanso wa ku America, fodya. Cha m'ma 1920 A. F. Barron ndi R. W. Wallace anayamba kulimbikitsa ulimi wa fodya wa chikopa m'chigawo chino, ndipo ndalama zake zinakokera masitolo ku tauni yakaleyi kalekale isanakhale likulu mu 1975.

Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma lumo limameta, limachekanso, ndipo amene linawacheka kwambiri ndi eni ake a chimangacho. Ku America zombo zinapititsa akavalo, ng'ombe, nkhumba, tirigu, nzimbe, khofi ndi nthochi. Zinapititsanso nthomba ndi chikuku, matenda amene matupi a anthu a kumeneko anali asanakumane nawo. Mu 1520 nthomba inagwa mu mzinda wa Tenochtitlan, ndipo chaka chotsatira mzindawo unagonja kwa Hernán Cortés. Mu 1532 Francisco Pizarro, ndi asilikali osakwana 200, anagwira Atahualpa mfumu ya Ainka, ufumuwo utafooka kale ndi mliri ndi nkhondo ya pachiweniweni. M'madera ambiri anthu asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi mwa khumi alionse anatha m'zaka zana limodzi ndi theka, ndi matenda, nkhondo ndi thangata wa m'migodi.

Minda ya nzimbe itasowa oilima, maso anatembenukira ku Africa. Anthu pafupifupi 12 miliyoni anakwezedwa m'zombo kuoloka nyanja ya Atlantic, ndipo m'zaka za m'ma 1800 ena ankachokera pa doko la Quelimane kupita ku Brazil, pakati pawo anthu a chigwa cha Zambezi ndi Shire. Choncho njira imene inabweretsa chinangwa ndi yomweyo imene inatenga abale athu. Chinangwa ndi chimanga zinalinso kamba wa akapolo paulendo.

Ife ofuna unsembe tisalumphe gawo la Mpingo pa nkhaniyi. Mu 1493 Papa Alexander VI anapereka maiko atsopanowo m'manja mwa mafumu a Spain, ngati kuti munalibe anthu. Koma mu 1511 wansembe wa Chidominikani, Antonio de Montesinos, anadzudzula atsamunda pa guwa ku Santo Domingo, ndipo mu 1537 Papa Paul III analemba kalata ya Sublimis Deus yoletsa kusandutsa eni dzikowo akapolo. Bartolomé de las Casas anawamenyera nkhondo kwa zaka zambiri, komabe poyamba anavomereza kuti m'malo mwawo abwere akapolo a ku Africa, chinthu chimene anadzalapa pambuyo pake. Kwa ine phunziro lowawa lili pa Las Casas: chifundo chake chinali chenicheni, koma chinayamba chaona mbali imodzi. Mu 1992 Papa John Paul II anaima pa chilumba cha Gorée ku Senegal ndi kupempha chikhululukiro chifukwa cha malonda a akapolo.

Msinthanowu sunathe. Matekenya anafika ku Angola kuchokera ku Brazil cha m'ma 1872, n'kufalikira mpaka kuno. Namasupuni wotseka mtsinje wa Shire kwawo ndi ku South America. Chimanga nacho sichipirira ng'amba monga mapira ndi mchewere, ndipo dziko linalawa zimenezi mu 1949 ndi mu 1992. Adani ake akale akuchilondolanso. Nankafumbwe wamkulu, woboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe, anachoka ku Central America, nafika ku Tanzania cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenaka analowa kuno. Mbozi za ntchemberezandonda za mtundu watsopano zinaoneka ku West Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma la Malawi linali litalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi chifukwa cha mbozizo.