PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUSUNGA NTHOCI M'NYENGO YA CISANU

Ife tonse tidziwa kuti nthoci ikonda dziko lotentha ndi lacinyontho. Koma kuli maiko ena, monga England, kumene madzi aundana pabwalo kwa masiku ambiri, ndipo anthu akumeneko asunga nthoci zao m'munda osazula. Tiyeni tione macitidwe ao, pakuti m'menemo muli nzeru yotithandiza ifenso.

Poyamba tizindikire mapangidwe a nthoci. Cimene ticicha thunthu si mtengo ai, koma mapesi a masamba okutana okutana, odzala ndi madzi. Moyo weni weni wa nthoci ukhala m'citsa cace pansi pa nthaka, kumene kucokera mizu, ana, ndi mkoko womwe. Kuzizira kukafika pa madigiri 0, madzi a m'masamba aundana naphwanya mnofu wace. M'mawa dzuwa likaturuka masamba ada ngati owauka ndi moto. Koma citsa cikapanda kuzizidwa, nthoci siinafe.

Mtundu umene aubzala kwambiri ku England uchedwa Musa basjoo. Kwao ndi ku China, ndipo unalimidwa ku Japan zaka zambiri usanafike ku Ulaya. Zipatso zace sizidyedwa, popeza ziri ndi njere zambiri. Aubzala cifukwa ca kukongola kwa masamba ace, ndi cifukwa upirira kuzizira koposa nthoci zathu. Kumeneko cisanu ciyamba m'Okutobala kapena m'Novembala, ndipo mwini munda acita zinthu zinai:

1. Adula masamba onse, nasiya thunthu lokha liri ciriri.
2. Azinga thunthu ndi waya wa nkhuku ngati nkhokwe yaing'ono, nadzaza mapesi a tirigu ouma m'kati mwace.
3. Abvundikira pamwamba kuti mvula isalowe pa mtima wa thunthu.
4. Aunjika masamba ouma kapena manyowa pa tsinde, mulu wokwera masentimita 20 kapena kuposa, kuti citsa cifunde.

Onani mau acitatuwo. Nthoci zambiri zokutidwa siziphedwa ndi kuzizira kokha, koma ndi kuola. Munthu akakulunga thunthu ndi pulasitiki womata osasiya polowa mphepo, madzi atsekeredwa m'kati, ndipo pobvundukula m'Epulo kapena m'Meyi apeza thunthu lasanduka phala lonunkha. Cifukwa cace cofunda cikhale couma ndi copitamo mpweya. Ndipo cinkana thunthu laola, iye wodziwa safulumira kukumba. Adula coolaco kufikira poyera, nadikira, ndipo citsa citurutsa ana atsopano pofika nyengo yofunda.

Kapena wina adzati, Nanga izi zitikhudza bwanji ife? Kwathu kuno nthaka siiundana ai, koma abale okhala ku mapiri a Dedza ndi Ntcheu adziwa kuti m'Juni ndi m'Julayi cisanu cigwa. Cigwa makamaka usiku wopanda mitambo ndi wopanda mphepo, ndipo mpweya wozizira, pokhala wolemera, utsikira ku madambo ndi ku zigwa monga acita madzi. Ndico cifukwa nthoci za kudimba ziwauka pamene za pamtunda pafupi ndi nyumba zitsala zabwino. Banja loyembekeza mkoko wa kudya ana kapena wa kugulitsa ku msika litaya zambiri usiku umodzi.

Cotero tikupemphani kuti mucite izi. Pobzala, musasankhe pansi peni peni pa dambo, koma pokwererapo pang'ono. M'Meyi phimbirani tsinde ndi udzu, mapesi a cimanga ndi manyowa. Ana a nthoci afupi afupi muwamangire kacisakasa ka udzu, kosamata. Masamba owauka musawadule msanga, pakuti achinjiriza amene ali pansi pao. Muwacotse m'Ogasiti kapena m'Seputembala kukayamba kufunda. Koposa zonse, musazule phando cifukwa ca kuda kwa masamba, musanaone ngati citsa ciri colimba ndi coyera m'kati.

MAFUNSO A PHUNZIRO

1. Moyo wa nthoci ukhala kuti?
2. Cifukwa ninji cofunda ciyenera kukhala couma?
3. M'mudzi mwanu cisanu ciyamba kugwa pati, ndipo nthoci zanu ziri pati?

Muwerengere anzanu osadziwa kuwerenga mau awa, mwezi wa Meyi usanathe.