Mtengo wa Kamera pa Intaneti ndi Ndalama za Mpingo

Werengani Luka 14:28-30 ndi Miyambo 21:5.

Ife a m'zidikha za Kasungu tinakula tikudziwa kuti mtengo suima malo amodzi. Ngakhale mpingo wathu umaphunzitsa kupewa fodya, tonse tili ndi abale kapena anansi omwe amapita ku okushoni ya Chinkhoma ndi mabelo ofanana koma n'kubwerako ndi ndalama zosiyana. Tikafuna kugulira mpingo kamera yojambulira mapemphero kapena msonkhano wamisasa, timakumananso ndi zomwezi, koma ulendo uno wogula ndife.

Pa Amazon ndi masitolo ena a pa intaneti, nthawi zambiri mtengo susinthidwa ndi munthu. Pulogalamu ya kompyuta ndiyo imayang'ana mitengo ya ogulitsa anzawo, kuchuluka kwa katundu wotsala ndi kwa ogula, kenako n'kukweza kapena kutsitsa, mwina kangapo pa tsiku. Canon kapena Nikon ikatulutsa kamera yatsopano, yakale imakonda kutsika. Pa Black Friday, mu Novembala, zina zimatsikadi, koma ogulitsa ena amayamba akweza kuti kutsitsako kuoneke kwakukulu. Masamba ngati Keepa ndi CamelCamelCamel amasunga mbiri ya mitengo ya pa Amazon, ndiye musanasangalale kuti mwatola, onani kaye kuti chinthucho chinkagulidwa bwanji miyezi yapitayo.

Kwa ife vuto lalikulu ndi kwacha. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya ndalamayi ndi 44 peresenti, ndipo dola inachoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Kamera ya madola 600, yomwe bodi ikanaivomereza pa K708,000, inafika pa K1,020,000 wogulitsayo asanasinthe kanthu. Pamenepo sitinawerengere zotumizira, msonkho wa MRA, lenzi, batire lachiwiri ndi choimikirapo cha miyendo itatu. Nambala ya pa foni ija ndi maziko chabe, ndipo munthu wa m'fanizo la Yesu anasekedwa chifukwa anathera pa maziko.

Ndalama zogulira kamera sizichokera ku chakhumi. Zimachokera ku zopereka zoyendetsera mpingo, ndiye kuti ndi thukuta la amayi omwe agulitsa mtedza ndi soya. N'chifukwa chake malire aikidwe tisanatsegule foni. Bodi igwirizane m'makwacha kuti zonse pamodzi zisapitirire apa, msungichuma alembe, ndipo wotumidwayo aloledwe kugula tsiku lililonse mtengo ukalowa m'malirewo. Apo ayi, timadikira bodi ya mwezi wamawa mtengo uli kuthawa, kapena wachinyamata amagula mwaphuma chifukwa tsamba lalemba kuti kwatsala ziwiri zokha. Miyambo 21:5 imachenjeza za phuma lotere, komatu kuzengereza dola ikukwera nakonso kumadya ndalama za Ambuye.

Kamera yogwiritsidwapo kale ntchito si yochititsa manyazi, bola tione nambala yosonyeza kuti yajambula zithunzi zingati, ndipo tisatumize ndalama kwa wogulitsa wa pa Facebook tisanaigwire m'manja.

Mukakambirane m'kalasi: ngati mtengo watsika mlungu umodzi titagula kale, kodi wotumidwa uja walakwira mpingo? Nanga atagula motsika kuposa zomwe bodi inavomereza, ndalama yotsalayo aifotokoze liti, ndipo kwa yani?