Phunziro la Chingerezi: Aperekezi Oyenera Pokamba za Masamba a pa Intaneti

Masiku ano mwayi wa ntchito, maphunziro ndi ngongole za bizinesi umalengezedwa kwambiri pa intaneti, ndipo makalata ofunsira mwayiwu amalembedwa m'Chingerezi. Kawirikawiri kalata yotere imayamba ndi kutchula pomwe mwaona chilengezocho. Mukalakwitsa mperekezi m'chiganizo choyambachi, wowerenga amayamba kukayikira luso lanu asanaone n'komwe masatifiketi anu. Mwamwayi, "pa", "mu" ndi "ku" a m'Chichewa chathu angathe kutitsogolera.

"On" amafanana ndi "pa". Chingerezi chimaona tsamba la pa intaneti ngati bolodi lomatapo zidziwitso, osati nyumba yolowamo. Choncho lembani kuti "I saw the advertisement on your website." Chimodzimodzinso "on the internet" ndi "on Facebook". Kulemba kuti "in your website" m'chiganizo chotere ndi kulakwitsa.

"In" amafanana ndi "mu". Amayenera pa zinthu zomwe timaziona ngati zosunga mawu m'kati mwake: "in the newspaper", "in your email", "in the attached file". Dziwani kusiyanaku: chilengezo chimodzi chomwecho chimakhala "in the newspaper" koma "on the website".

"At" amagwiritsidwa ntchito potchula adiresi yeniyeni. Mukalemba kuti "The form is available at", chotsatira chikhale adiresi ya tsambalo, monga yoyamba ndi www.

"To" ndi "from" onse awiri timawamasulira ndi "ku", choncho muyenera kusamala nawo. "To" amaonetsa komwe chinthu chikupita: "Go to the website", "Upload your certificate to the website". "From" amaonetsa komwe chachokera: "Download the form from the website."

Pomaliza, pali mawu awiri osafuna mperekezi. Timalemba kuti "Visit our website" ndi "Apply online", popanda kuikapo "to" kapena "on" pakati.

Ntchito: ikani mperekezi woyenera m'mipata iyi.

1. The results are ___ the website.
2. I found the closing date ___ your email.
3. She downloaded the form ___ the website.

Mayankho ndi "on", "in" ndi "from". Musanatumize kalata yanu, iwerengeninso modekha ndipo muyang'anitsitse timawu tating'onoti.